Mafunso Anu: Ndinaneneza bwana wofuna chiphuphu, zaka zadutsa nkhani ili zii

FUNSO

A Mlangizi, ndalemba ndili okhumudwa kwambiri nde mundikhululukire kalatayi ikatalika. Ine ndimachita kabizinesi kanga ndipo panali pepala lachilolezo lomwe ndimayenera kutenga ku ofesi ina ya boma. Zonse zomwe amafuna ndinapereka, ndalama yovomerezeka ndinalipira lisiti ndili nalo, koma bwana yemwe amayenera kusayina anangoikhalira fayilo yanga. Kenako anandiimbira foni nkundiuza mosabisa kuti popanda kangachepe pepalalo silituluka, mpaka anatumiza meseji yokhala ndi nambala yoti nditumizeko ndalamazo. Sindinapereke. Ndinapita ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu, anandilandira bwino, ananditenga sitetimenti, anakopera ma meseji a mu foni yanga nkundiuza kuti andiimbira. Pano zaka zitatu zakwana, ndikafunsa yankho ndi lomwe lija loti tikufufuzabe. Yemwe ankagwira nkhani yanga anamusamutsa, watsopanoyu akuoneka kuti fayiloyo sanaitsegule nkomwe. Bwana uja akadali pampando womwewo ndipo akudziwa kuti ndine ndinamuneneza, pepala langa mpaka lero silinatuluke. Mayi akunyumba akuti ndizisiye tisapute mavuto, anzanga akuti ndingomuika pa Facebook dziko limudziwe. Kodi kufufuza kumatenga nthawi chonchi? Kapena nkhaniyi inadyedwa kale ine ndikungodzivutitsa? Ndipange bwanji?

Wotopa ndi kudikira

YANKHO

Achimwene, munachita bwino kukana ndipo munachitanso bwino kukanena. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa munthu akadikira zaka chonchi amayamba kudziona ngati olakwa ndi iyeyo. Ayi, mbali yanu munaikwaniritsa.

Zaka zitatu pa nkhani ngati yanuyi ndi zambiri, sindikunamizani kuti ndi mmene zimakhalira basi. Ilipo milandu ya ziphuphu yomwe imatengadi nthawi pa zifukwa zomveka, ndalama zadutsa mma akaunti ambirimbiri, makampani ongolembetsa dzina opanda ndi ofesi yomwe, zina zatumizidwa kunja, nde ofufuza amayenera kupempha chilolezo ku khoti kuti aone ma akauntiwo, kudikira banki iyankhe, kulembera boma la dziko lina kuti liwathandize, ndipo kalata imodzi yokha yopita kunja imatha kudya miyezi yambiri isanayankhidwe. Koma yanuyi mulibe zimenezo. Pali munthu mmodzi, meseji, ndi nambala yoti ndalama zipiteko. Ntchito yake ndi kutsimikizira kuti nambala yomwe inatumiza mesejiyo ndi ya ndani, yolandirira ndalamayo inalembetsedwa mdzina la ndani, kuona mmene fayilo yanu inayendera mu ofesimo, kumufunsa bwanayo mbali yake, nkupereka zonse kwa oimira boma pa milandu kuti aone ngati zikukwana kupita ku khoti. Si ntchito ya zaka zitatu imeneyi.

Koma musathamangire kunena kuti inadyedwa. Nkhani zambiri zimafa popanda wina aliyense kulandirapo kanthu. Ofufuza amakhala ochepa mafayilo ali mulu, kukabwera nkhani yaikulu yomwe manyuzipepala akuilondola tsiku ndi tsiku onse amathamangira kumeneko ndipo za anthu wamba zimatsikira pansi pa muluwo. Wofufuza akasamutsidwa fayilo imakhala yopanda mwini, ngati mmene zachitikira kwa inumu. Pena fayilo imachoka kwa ofufuza kupita kwa oimira boma pa milandu, iwo nkuibweza kuti onjezerani chakuti, nkukhalanso miyezi, nkubwereranso, ndipo mmaiko ena pamafunikanso chilolezo cha mkulu wina kuti wogwira ntchito m'boma azengedwe mlandu, nde fayilo imakagona pa tebulo lake. Ndipo inde, ziliponso zoti woganiziridwayo ali ndi anzake apamwamba omwe safunika kulamula kuti nkhani ithetsedwe, amangoonetsetsa kuti palibe akuifulumiza. Kaya chifukwa ndi chiti mwa zimenezi, kwa inu zotsatira zake ndi zimodzi, nkhani ikufa pang'onopang'ono.

Timakonda kunena kuti mlandu suwola, ndipo mawuwa amatitonthoza tikamadikira, koma umboni umawola achimwene. Makampani a mafoni sasunga zolemba za mafoni oimbirana ndi ma meseji mpaka kalekale, amasunga kwa nthawi yoikika kenako zimafufutidwa, nde ngati ofufuza sanazipemphe nthawi ikadalipo ndiye kuti mbali imeneyo yapita. Foni yanu itha kufa kapena kubedwa. Kalaliki yemwe ankaona fayilo yanu itakhaliridwa atha kupuma ntchito, kusamuka, kumwalira, kapena kungosintha maganizo poona kuti bwana uja palibe chamuchitikira. Inu nomwe mudzayamba kuiwala, ndipo tsiku lomwe mudzaime mu khoti loya wa mbali inayo adzakufunsani kuti anakuimbirani tsiku lanji, nthawi yanji, mawu ake enieni anali otani, mukadzangosemphanitsa pang'ono ndi sitetimenti yanu yakale ija adzati ndinu wabodza. Pa mlandu waupandu khoti limafuna umboni wosasiya chikaiko, nde chaka chilichonse chomwe chikudutsa chikuthandiza woganiziridwayo.

Mmaiko ena mulinso malire a nthawi, zaka zakuti zikadutsa mlandu sungazengedwenso. Ku Italy, Silvio Berlusconi yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo ankaimbidwa mlandu woti anapereka madola 600,000 kwa loya wa ku Britain, David Mills, kuti apereke umboni womukomera mu khoti. Mu February 2012 khoti la ku Milan linathetsa mlanduwo chifukwa nthawi yomwe lamulo limalola inali itatha, funso loti anapereka kapena sanapereke linangotsala choncho. Pofuna kupewa zoterezi, pangano la United Nations lolimbana ndi ziphuphu la 2003, lomwe maiko ambiri padziko lapansi analowamo, mu ndime 29 limauza maiko kuti malire oterewa pa milandu ya ziphuphu azikhala aatali. Nde chinthu chimodzi choti mufunse loya msanga ndi chimenechi, kodi lamulo la dziko lanu lili ndi malire otere pa mlandu wopempha chiphuphu, ngati alipo atha liti.

Chomwe chimandipweteka ine pa nkhani zoterezi ndi mpata womwe uli mmalamulo. Ufulu woti mlandu uzengedwe msanga ulipo pafupifupi kulikonse, koma nthawi zambiri umayamba kuwerengedwa munthu akamangidwa kapena akauzidwa mlandu wake. Ku Canada mwachitsanzo, khoti lalikulu kwambiri mu 2016 pa mlandu wa munthu wina dzina lake Jordan linaika malire a miyezi 18 ku makhoti aang'ono ndi miyezi 30 ku makhoti akuluakulu, zikapyola apo popanda chifukwa chapadera mlandu utha kuthetsedwa. Koma miyeziyo imayamba munthu atauzidwa kale mlandu. Nthawi ya kufufuza, pomwe inu mwaima panopa, nthawi zambiri palibe akuwerenga masiku, ndipo ndi pomwepa nkhani zimasowera. Wodandaula ngati inu ndiye mumakhala kunja kwenikweni chifukwa mlandu si wanu, ndi wa boma, inu ndinu mboni chabe.

Ena anayesa kutseka mpatawu. Ku India khoti lalikulu kwambiri mu 1997, pa mlandu wa Vineet Narain, linalamula kuti chilolezo chozenga mlandu wogwira ntchito m'boma chisamadikiridwe kupyola miyezi 3, ndipo mu 2018 anasintha lamulo lawo la ziphuphu kuti jaji aziyesetsa kumaliza mlandu mu zaka 2, akapyola alembe chifukwa chake. Koma chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha Hong Kong. Mu 1973 mmodzi mwa akuluakulu a polisi kumeneko, Peter Godber, anathawira ku Britain ali mkati mofufuzidwa za chuma chomwe sichimagwirizana ndi malipiro ake. Anthu anakwiya, anachita zionetsero, ndipo mu 1974 kunakhazikitsidwa bungwe loima palokha lolimbana ndi ziphuphu la ICAC. Mu 1975 Godber anabwezedwa ku Hong Kong nkulamulidwa kukhala m'ndende zaka 4. Chomwe chikukhudza nkhani yanu ndi ichi, bungwe limenelo lili ndi komiti yokhala ndi anthu ochokera kunja kwa bungwelo yomwe imalandira malipoti a kafukufuku yemwe wapyola chaka, ndipo nkhani sitsekedwa komitiyo isanaione. Wofufuza amadziwa kuti pali anthu omwe adzamufunse kuti fayilo iyi yakhalira chani. Komwe kulibe komiti yotereyi, wofunsa funso limeneli ndi wodandaulayo, ndiye kuti inuyo.

Nde siyani kufunsa pa foni kapena pakamwa. Mawu oti tikufufuzabe ndi osavuta kunena pa foni, koma kuwalemba papepala nkusayinira pansi pake munthu amayamba waganiza. Lembani kalata kwa mkulu wa bungwelo osati kwa wofufuzayo, muikemo nambala ya dandaulo lanu, tsiku lomwe munakanena, tsiku lomwe anakutengani sitetimenti, ndi umboni womwe munasiya. Kalatayo isakhale yaukali ndipo musamuimbe wina mlandu woti anadya. Funsani zinthu zoti munthu sangaziyankhe ndi mawu amodzi, fayiloyi ili mmanja mwa ndani panopa, kodi kufufuza kunatha kapena ayi, ngati kunatha inapita kwa oimira boma pa milandu liti, ngati sikunathe pali china chomwe akufuna kwa inu, ndipo ngati anaganiza zoitseka akuuzeni polemba. Sangakuuzeni zinsinsi za kafukufuku ndipo nzoona sayenera kutero, koma kukuuzani poti nkhani yafika si chinsinsi. Pitani ndi makalata awiri, ina adinde chidindo cholandirira mubwerere nayo. Mukatumiza pa imelo sungani. Tchulani kuti mukuyembekezera yankho pofika tsiku lakuti.

Yankho lakelo likuuzani zambiri. Nkhani yamoyo amatha kukuuzani chomwe chinachitika komaliza ndi chomwe akudikira. Nkhani yakufa amangobwereza mawu omwe aja kapena sayankha nkomwe.

Akapanda kuyankha, kalata yanu yodindidwa ija ndiye makwerero opitira pamwamba. Maiko ambiri ali ndi ofesi ya Ombudsman yomwe ntchito yake ndi kumva madandaulo okhudza maofesi a boma, ndipo kuchedwetsa zinthu popanda chifukwa ndi chimodzi mwa zomwe amaziona. Mabungwe olimbana ndi ziphuphu nthawi zambiri amapereka malipoti ku nyumba ya malamulo, nde ku komiti yomwe imawayang'anira mutha kulemberanso. Komaliza kuli khoti. Loya atha kupempha khoti lalikulu kuti lilamule bungwe la boma kuchita ntchito yomwe lamulo linalipatsa, maloya amati mandamus. Khoti silingalamule kuti bwanayo apezeke wolakwa, ndipo makhoti sakonda kulowerera pa mmene ofufuza akugwirira ntchito, koma litha kunena kuti pangani chiganizo pa fayiloyi, kaya kupita nayo ku khoti kaya kuitseka nkupereka zifukwa. Njira imeneyi imafuna ndalama, nde yambani mwafunsa ku maofesi othandiza anthu pa zamalamulo mwaulere kapena mabungwe omwe si aboma olimbana ndi katangale, ena amakhala ndi maloya awo.

Pomwe mukuchita zimenezi tetezani umboni wanu lero lomwe. Foni yomwe inalandira meseji ija musaigulitse, musaipatse mwana, musafufute kanthu, ngati mungathe isungeni padera muzigwiritsa ntchito ina. Jambulani ma meseji onse kuonetsa nambala ndi tsiku, musunge pamalo awiri osiyana. Lisiti lija lipangitseni fotokope. Khalani pansi mulembe zonse zomwe mukukumbukira kuyambira tsiku loyamba, mulembe tsiku pamwamba. Pemphaninso kuti akuonetseni sitetimenti yanu muiwerengenso.

Za Facebook, ndikumva chomwe anzanu akunena ndipo mkwiyo wake ndikuumvetsa, koma musachite. Mukamutchula dzina asanapezeke wolakwa atha kukusumirani mlandu woipitsa mbiri, ndipo mlandu umenewo ungathe kuyenda msanga kuposa wanu uja. Mmaiko ena kuulula zoti wina akufufuzidwa ndi mlandu pawokha, ku Hong Kong komwe ndatchula kuja lamulo limeneli lilipo. Komanso mukaika ma meseji anu onse poyera mwamuonetsa mdani wanu zonse zomwe muli nazo, apeza nthawi yokonza nkhani yake ndi kulankhula ndi mboni. Ngati mwafika poti mukufuna anthu adziwe, nkhani yoti muuze mtolankhani wodalirika ndi ya kuchedwaku, yoti dandaulo lakhala zaka zitatu osayankhidwa, ndipo makalata anu odindidwa aja adzakhala umboni wake.

Pali chinthu china chomwe sindikufuna chisowe mu zonsezi, pepala lanu. Chilolezo chanu ndi nkhani ina, mlandu wa bwanayo ndi nkhani ina. Simuyenera kudikira mlandu kuti mulandire chomwe munalipira kale. Lemberani mkulu wa ofesi imeneyo kapena unduna womwe ukuyang'anira, munene kuti munadandaula za wogwira ntchito wakuti ndipo mukupempha kuti fayilo yanu ipatsidwe munthu wina. Ndi pempho lomveka, munthu yemwe mwamuneneza sangakhale woweruza pa pempho lanu. Kalata yomweyo itha kutsegulanso njira ina yomwe anthu ambiri amaiiwala, ya mwambo wa pantchito. Olemba ntchito safunika umboni wolemera ngati wa khoti la milandu yaupandu kuti amusamutse munthu kapena kumuimitsa, ndipo pangano lija la 2003 mu ndime 30 limalimbikitsa maiko kukhala ndi njira zochotsera, kuimitsa kapena kusamutsa wogwira ntchito m'boma yemwe akuimbidwa mlandu wotere, uku akukumbukira kuti sanapezeke wolakwa. Kuti munthu akhale pampando womwewo akusunga mafayilo omwe ndi umboni pa mlandu wake, zimenezo nzolakwika olo atakhala kuti sanalakwe.

Mudziwenso kuti olo fayilo itafika ku khoti kudikira sikuthera pomwepo. Ku South Africa nkhani ya kugula zida zankhondo inachitika mu 1999. Schabir Shaik, yemwe anali mlangizi wa zachuma wa Jacob Zuma, anapezeka wolakwa pa mlandu wa ziphuphu mu 2005 nkulamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Zuma mwiniwake anaimbidwa mlandu chaka chomwecho, milanduyo inachotsedwa mu 2009 atatsala pang'ono kukhala pulezidenti, inabwezeretsedwa mu 2018, anaikana mu khoti mu 2021, ndipo pofika 2024 mboni zinali zisanayambe kumvedwa chifukwa cha mapempho ndi ma apilo otsatizana. Bwana wanuyo alibe mphamvu ndi ndalama zotero, koma njira yake ndi yomweyo, kupempha kuti mlandu uimitsidwe kaye, kusintha loya, kudwala tsiku la khoti, mpaka mboni itatopa. Ndikukuuzani izi kuti mulowe mukudziwa.

Mayi akunyumba musawaone ngati amantha chabe, akuona zinthu zenizeni. Khalani nawo pansi muwaonetse kuti zomwe mukuchita ndi makalata opita ku maofesi, si ndewu. Koma wina akakuopsezani, kapena akabwera ndi ndalama kapena ndi pepala lanu lija kuti mukachotse dandaulo, musavomere ndipo musakangane naye, lembani tsiku ndi mawu ake mukanene tsiku lomwelo polemba. Kusokoneza mboni ndi mlandu wina pawokha, ndipo kawirikawiri umboni wake umakhala watsopano kuposa wa mlandu woyamba uja.

FUNSO

Zikomo a Mlangizi. Ine vuto langa ndi la mbali inayo. Amuna anga amagwira ntchito m'boma ndipo wina anawaneneza kuti analandira chiphuphu, iwo akukana mpaka lero. Anawaimitsa ntchito akulandira theka la malipiro, anawafunsa mafunso kamodzi poyamba paja basi, kuchokera apo zii, sanawatengere ku khoti komanso sanawauze kuti nkhani yatha. Chaka chachinayi chino. Ntchito ina sangafune chifukwa adakali olembedwa, anthu amatiloza, ana akumva zonena za anzawo ku sukulu, bambowa asintha sakugona. Iwo akuti tingokhala chete tisadzutse nkhani mwina aiwala. Kodi kukhala chete nkwabwino?

Mayi wodandaula

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe banja lanu likudutsamo. Sindiweruza ngati bambo analandira kapena ayi, imeneyo ndi ntchito ya khoti, ndipo vuto lake ndi lomwelo, khoti silinapatsidwe mpata woigwira. Munthu wakhala zaka akulangidwa, malipiro odulidwa, dzina loipa, popanda jaji aliyense kumva mbali yake. Ngati analakwa anayenera kuzengedwa kalekale. Ngati sanalakwe ndiye kuti zaka zimenezi amulanda popanda chifukwa ndipo palibe adzamubwezere.

Kukhala chete ndikumvetsa chifukwa chake, koma kuli ndi mtengo wake. Fayilo siiwalika, imangogona, itha kudzuka chaka china pomwe mboni za bambowo zamwalira kapena mapepala omwe akanawayeretsa atayika, chifukwa nthawi imawononga umboni wa mbali zonse ziwiri. Chachiwiri, makhoti amayang'ana ngati munthu anadandaulapo za kuchedwako. Ku America mu 1972 kunali mlandu wa Barker ndi Wingo. Willie Barker anadikira zaka zoposa 5 asanazengedwe mlandu wakupha, koma khoti lalikulu kwambiri linati ufulu wake sunaphwanyidwe, ndipo chifukwa chachikulu chinali choti kwa nthawi yaitali iye sanatsutse pomwe boma limapempha kuti mlandu uimitsidwe. Khotilo linatchula zinthu zinayi zoyang'ana, kutalika kwa nthawi, chifukwa chochedwera, ngati munthuyo anaumirira ufulu wake, ndi mmene kuchedwako kwamupwetekera. Makhoti a mmaiko ena ambiri amayang'ananso zofanana ndi zimenezi. Nde tsiku lina bambo akadzati mlandu uthetsedwe chifukwa wachedwa, jaji adzafunsa kuti nanga zaka zonsezi munanenapo chani.

Ufulu umenewu ndi wolembedwa. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu pa ndale ndi zachiweniweni la 1966 mu ndime 14 limati woimbidwa mlandu azengedwe popanda kuchedwetsa kosayenera, ndipo pangano la ufulu wa anthu la maiko a mu Africa la 1981 mu ndime 7 limanenanso za kuzengedwa mu nthawi yoyenera. Monga ndawauzira achimwene pamwambapa, chitetezo chimenechi chimalimba munthu akauzidwa mlandu, ndipo bambo anu sanafike pamenepo. Nchifukwa chake khomo losavuta kwa inu ndi la pantchito. Kuimitsidwa ntchito cholinga chake ndi kupereka mpata wofufuza, si chilango, nde sikuyenera kukhala kopanda malire. Pezani malamulo a ogwira ntchito m'boma omwe anagwiritsa ntchito powaimitsa, kalata yowaimitsa ija iyenera kuti inatchula ndime yake, muone ngati akunena za kutalika kwa nthawi, za kuunikanso chiganizocho, ndi zomwe zimachitika ndi theka la malipiro lomwe likusungidwalo munthu akapezeka wosalakwa. Ngati ali mu bungwe la ogwira ntchito apite kumeneko, nkhani zoterezi amazidziwa.

Koma apa kalata asalembe okha. Wodandaula atha kulemba yekha, woganiziridwa ayi, chifukwa chilichonse chomwe angalembe pofotokoza mbali yawo chitha kudzawerengedwa mu khoti. Apeze loya, loyayo alembe mofunsa poti nkhani yafika ndi kupempha chiganizo, osalowa mu nkhani yeniyeniyo. Loya yemweyo ndi amene angawauze moona, ataona zonse, ngati kufulumizitsa kuli kowakomera. Ndipo chonde, olo zitavuta bwanji, asayese kukumana ndi yemwe anawanenezayo kapena kutuma wachibale kuti akakambirane, olo ndi mtima wabwino, zimenezo zidzaoneka ngati kusokoneza mboni ndipo zitha kuwabweretsera mlandu weniweni pomwe woyambawo mwina unalibe mphamvu.

Za kusagona mwatchulazo musazitenge mopepuka mayi. Mwamuna yemwe wakhala pakhomo zaka akudziona kuti dzina lake latha amatha kudwala maganizo osanena. Apite akaonane ndi dokotala kapena mlangizi, ndipo ana muwauze zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti bambo ananenezedwa, akukana, ndipo palibe khoti lomwe lawapeza olakwa.

FUNSO

A Mlangizi, ine ndinapereka chiphuphu kwa munthu wina. Anandipanikiza ndipo ndinalibe kochitira. Pano ndamva kuti munthu yemweyo akufufuzidwa kwa nthawi yaitali koma akuti umboni ukuchepa, ine ndili ndi meseji yotumizira ndalamayo. Ndikapita sandimanga ine?

Wamantha

YANKHO

Mantha anu ali ndi maziko, chifukwa mmalamulo a maiko ambiri wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa, ndipo pangano lija la 2003 mu ndime 15 limatchula mbali zonse ziwiri. Koma pangano lomwelo mu ndime 37 limauza maiko kuti aganizire zochepetsa chilango kapena kusazenga mlandu munthu yemwe wathandiza kwambiri pa kafukufuku, ndipo malamulo ena amasiyanitsa wokakamizidwa ndi wopereka mwakufuna kwake. Ku India, kuyambira 2018, munthu wokakamizidwa kupereka chiphuphu amatetezedwa akakanena pasanathe masiku 7. Mukuona nokha kuti nthawi ndi yofunika apanso, wobwera yekha msanga amaonedwa mosiyana ndi yemwe ofufuza amupeza okha poona ma akaunti a woganiziridwayo, ndipo nambala yanu ili kale mmenemo.

Umboni ngati wanuwu, wa ndalama zomwe zinayendadi, ndi womwe kafukufuku wambiri amasowa mpaka kuima. Nde musafufute mesejiyo, ndipo musapite nokha kukalemba sitetimenti. Yambani mwaonana ndi loya, mumuuze zonse mosabisa kuphatikizapo mmene anakupanikizirani, iye akalankhule ndi ofufuza kapena oimira boma pa milandu kuti zidziwike kaye ngati mukulowa ngati mboni. Chomwe angagwirizane chilembedwe papepala ndi kusayinidwa ndi yemwe ali ndi mphamvu yotero musananene kalikonse, lonjezo lapakamwa la wofufuza silikutetezani iye akadzasamutsidwa.